Nsomba ya Che Mwinyi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera atsibweni potuluka mumzikiti, masiku amene munthu sankalowa mumsika wa ku Kota Kota wopanda khadi ya chipani. Anandipereka kwa Che Mwinyi, mwini bwato ndi maukonde aja timati matchera. Yanga inali kupalasa, kukapa madzi ndi kuonjola nsomba.

Che Mwinyi anagwirapo ntchito m'sitima za panyanja ya mchere, ndipo anabwerako ndi nkhani imodzi yosatha. Ankati kumeneko anaona nsomba yotakata kuposa chitseko, mutu wokhawokha wopanda mchira, itagona cham'mbali pamwamba pa madzi kuwothera dzuwa. Gombe lonse linkawaseka, makamaka msodzi mnzawo Che Bakali.

"Aa, Mwinyi, nsombayo inkafundanso bulangete?"

Che Mwinyi zinkawawawa.

Tsiku lina m'mawa, mwera utangoleka, tinapita kukavuula matchera kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Patali tinaona chinthu chakuda, chotakata, chikuyandama. Kwathu chotere sayandikira, amati ndi mvuu. Mabwato amene anali patsogolo pathu anachilambalala.

Che Mwinyi anaimirira. "Walahi, kagonedwe kake ndi komweko! Palasa, mwanawe."

"Che Mwinyi, tifa! Nsomba ya m'madzi amchere ifika bwanji kuno?"

"Palasa, ndati!"

Ndinapalasa. Titayandikira, mayo ine! Sinali mvuu, sinalinso nsomba. Linali bwato logudubuzika, ndipo m'mbali mwake munali dzanja la munthu. Mutu unkangoti bi, tumphu. Anali Che Bakali, miyendo itakodwa m'matchera awo omwe, milomo yayera, mawu atatheratu. Che Mwinyi analuma mpeni, kudumphira m'madzi, kudula ukonde. Ine ndinawakoka Che Bakali m'khwapa, tinawagoneka chafufumimba mpaka anasanza madzi.

Tinapalasa kubwerera kugombe. Tili pafupi kukocheza, Che Bakali anafunsa ndi mawu osasa:

"Anzathu onse andipitirira. Inu munadziwa bwanji kuti ndine?"

"Sindinadziwe ayi," anatero Che Mwinyi. "Ndimafuna ndikuonetse nsomba yanga ija."

Che Bakali analira ngati mwana, ine ndikuona.

Nsombayo sindinaionepo mpaka lero, tsitsi layera. Koma chinthu chikayandama panyanja sindichipitirira. Ndimayandikira mwa mantha omwewo, n'kuyamba ndaona kaye ngati pali dzanja.