Penti Wodya Utsi pa Nkando

Ine ndine wopenta nyumba ndi zikwangwani za mashopu. Mkazi wanga amagulitsa tomato pa Nkando, pafupi ndi pamene maminibasi amaima injini zili chilirire, ndipo masiku amenewo chifuwa sichinkamutha. Tsiku lina mayi wina wophunzitsa sayansi ku yunivesite anaima pa benchi ya mkazi wangayo kufunsa ngati akudziwa munthu wopenta, iye n'kuwalozera kwathu.

Mayiwo anabwera ndi dalaivala wawo ndi zigubu zinayi za penti woyera, kuti ndipake khoma lalitali loyang'ana pasiteji. Anati mu pentiyo muli ufa umene umagwira ntchito ukawombedwa ndi dzuwa. Mpweya woipa wa mu utsi wa dizilo, uja umawononga mapapo, ukakhudza khomalo umasanduka timchere, mvula n'kudzatsuka.

"Ndiye kuti khomali lizidya utsi?" ndinafunsa.

"Pang'ono, bambo. Chimene tabwerera n'kudzayeza kuti pang'onopo ndi pochuluka bwanji."

Zoyezera zake zinali timachubu tapulasitiki totalika ngati chala, timene dalaivala ankamangirira pa mapolo a magetsi. Tsoka lake, inali nyengo ija mphekesera za anamapopa zinadzaza boma lathu, anthu akuti kwabwera alendo opopa magazi.

Tsiku lachitatu, cha m'ma leveni, ndili pamwamba pa makwerero ndinamva likhweru, kenako mawu a munthu: "Ndi amenewa! Taonani zoikamo magazi!" Ndisanatembenuke wina anakoka makwerero aja. Ndinagwera phewa, penti n'kundikhuthukira m'maso.

Nditapukuta ndinaona dalaivala akuthamangira ku galimoto. Analowadi, koma mwala unaswa galasi, anthu n'kumukokera kunja ndi miyendo. Anaphimba mutu ndi manja, chikwanje n'kutera pa dzanja lamanja. Kulira kwake sindidzakuiwala.

Mayi aja anatsekula kachubu kamodzi, akukakweza m'mwamba. "Taonani, mulibe kanthu! N'zoyezera mpweya!" Mbama inawagwetsa, magalasi awo n'kusweka. Anthu anayamba kuwaponda m'nthiti.

Ndinalowa pakati ndikukuwa kuti ndine wa konkuno, nonse mukundidziwa. Amene anandiyankha anali mwini butchala, munthu amene chikwangwani chake ndinalemba ndine.

"N'chifukwa chake! Watigulitsa iwe!"

Anandimenya ndi chidutswa cha njerwa pa khutu lakumanzere. M'mutu munalira ngati chigayo, magazi otentha n'kutsikira m'khosi.

Amene anatipulumutsa ndi amayi a mumsika. Mkazi wanga anandigonera pamsana. Mayi wina wogulitsa nsomba zouma, amene anabwera kuno pothawa nkhondo ku Mozambique ali mtsikana, anakankha amuna awiri n'kuima chotangadza pamwamba pa mlendo uja, dzanja lili pa mfundo ya chitenje.

"Ine ndinaona abale anga akuphedwa chonchi kwathu. Womukhudzanso uyu, ndimuvulira pompano aone maliseche a mayi ake!"

Amuna anabwerera m'mbuyo, ena atatembenuza nkhope. Ukali wonse anakauthira pa galimoto. Anaigubuduza n'kuiyatsa, utsi wakuda n'kuphimba msika wonse mpaka apolisi anafika.

Dalaivala anataya zala zitatu. Mayi a ku yunivesite aja anathyoka nthiti ziwiri, ndipo sanabwerenso kuno. Anangonditumizira uthenga wopepesa, ngati kuti olakwa anali iwo. Khutu langa lija silinamvenso.

Patatha mwezi, mwini butchala anabwera kwathu ndi mkazi wake. Anakhala pa mpando kumanzere kwanga n'kuyamba kuyankhula atazolika. Ndinkangoona milomo ikugwedera. Mkazi wanga anamusiya mpaka anamaliza, kenako anati, "Bwerani mbali ino mubwerezenso zonsezo, bambo. Uko munatseka nokha."

Ananyamula mpando n'kuyambiranso.