Diso Lofiira ndi Mnyamata wa Desiki Yakutsogolo

Matenda a maso ofiira atafika kwathu ku Wovwe, anthu ankati amalumpha kuchoka m'diso la wodwala n'kulowa m'diso lako ukangomuyang'ana. Ine sindinade nkhawa. Chibadwire sindiyang'ana munthu m'maso. Anzanga a m'kalasi ndimawadziwa ndi mapazi: uyu wa chala chopindika, uyo wa patapata womanga ndi waya. Masiku amenewo sukulu yonse inkayenda chowerama ngati ine, ndipo ena ankaombana ndi mitengo chifukwa chosazolowera. Ndinalemba m'kope langa kuti manyazi nawonso ali ndi nyengo yake, ngati mango.

Koma m'mawa wina ndinadzuka diso lakumanzere litamatana ndi manthongo. Nditalitsegula, linali lofiira ngati phwetekere.

Azakhali amene ndimakhala nawo, omwe ndimawaitana kuti ankhazi, anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kudzuwa, iwo akuyang'ana kumbali.

“Iwe suyang'ana ngakhale abusa. Ndiye wayang'ana ndani?”

“Palibe, ankhazi.”

“M'kalasi mwanu akudwala ndani?”

Tsoka lake, wodwala anali mmodzi yekha, mnyamata wina wa pa desiki yakutsogolo. Ndinali ndisanayankhulepo naye. Ndinkangodziwa kuti zidendene zake n'zong'aluka.

“Mnyamata!” Ankhazi anawomba m'manja. “Amanyaziwa ndiye oopsa. Lero lomwe ndipita kwa makolo ake, akandiuze cholinga cha mwana wawo.”

Ndinalira ndi maso onse, lodwala ndi labwino lomwe. Ndinawaona m'maganizo ankhazi atakhala pamkeka kwa anthu aja, mnyamatayo akuitanidwa kuti afotokoze, mawa lake sukulu yonse itamva. Ndikanakhalanso bwanji kumbuyo kwake? Ndinawachonderera kuti tiyambe kaye kuchipatala. Anavomera poti njira yake inali yomweyo. Anabereka khanda lawo, tinanyamuka.

Kuchipatala anesi anandiyang'ana m'maso mwenimwenimo, osaphethira.

“Anesi, musamuyang'ane!” anafuula ankhazi. “Muli ndi ana inu!”

Anesi anaseka mpaka anagwira tebulo. “Amama, akanakhala ongoyang'anizana, ine ndikanadwala kalekale. Matendawa amayenda ndi manja, ndi nsalu yopukutira kumaso. Kunyumba kuli wina amene maso akumuvuta?”

“Palibe. Mwina uyu, koma ake ndi manthongo chabe a ana. Ndikumuthira mkaka wa m'mawere.”

Anesi anavundukula kachipewa ka khandalo. Timaso take tinali tofiira kuposa langa, koma ilo linangowasekerera.

“Amamupukuta kumaso ndani?”

“Ine,” ndinanong'ona. “Ndi chitenje changa.”

“Ndiye iwe umapukutira chiyani ukasamba?”

“Chomwecho.”

“Ndiye mnyamata wanu ndi ameneyu, amama,” anatero anesi, poti ankhazi anali atawafotokozera kale zonse tisanakhale n'komwe pansi.

Anatilangiza kuti m'diso musalowe mkaka, mchere kapena madzi a masamba. Tizisamba m'manja ndi sopo, aliyense akhale ndi nsalu yake, ndipo tisamatikite m'maso ngakhale muyabwe chotani. Anatipatsa mankhwala odontheza, n'kunena kuti diso likayamba kupweteka kwambiri kapena kuona mwachimbuuzi, tibwerere msanga.

Pobwerera ankhazi anatsogola. Ndinkayenda pambuyo pawo, ndikuopabe, chifukwa ankhazi akanena kuti apita kwinakwake amapitadi, ngakhale chifukwa chopitiracho chitafera panjira. Titafika pa mphambano ya kwawo kwa mnyamata uja, anaima.

“Kwawo ndi uko?”

“Eya, ankhazi.”

Anayang'ana nyumbayo, anayang'ananso munda wa mpunga wa kuseri kwake. Khanda linayetsemula.

“Taona udzuwo,” anatero. “Mpunga wosapalira chonchi? Ine sindingalowe pakhomo pa anthu aulesi.”

Anakonza khanda kumsana n'kulunjika njira yakwathu.