Foni Inatchula Dzina la Mwana Wanga

Ndinali pamsika wa Chongwe ndikusankha tomato, Limbani ali kumsana, pamene foni ya mayi wogulitsayo inalankhula ndi mawu anga. Osati ofanana nawo ayi, anga enieni: "Unikumbutse kukatenga Tiyese ku sukulu ya kumbuyo kwa chigayo." Tomato anandigwa m'manja. Mayiyo anaseka nati, "Mwamva? Kanthu aka kakamba Chinyanja monga munthu." 

Tiyese ndi mwana wanga woyamba. Ndinachoka ku Bundabunda ndi iye ndi Limbani, zovala zili m'chitenje, nditatopa ndi kumenyedwa. Bambo wawo analumbira kuti anandilowola, ana ndi ake, adzawatenga ngakhale ndilowe kuuna. Ankaganiza kuti ndili ku Lusaka. Ine ndinali m'kachipinda ka lendi pa Chongwe pomwepo, wopanda mnzanga, maso pa minibasi iliyonse yoima pamsewu.

Ntchito anandipezera ndi mayi wina wa kutchalitchi. Anati kuseri kwa shopu ya mafoni akufuna anthu olankhula Chinyanja momveka, za sukulu safunsa. Ine ndinalekezera giredi seveni, ndiye ndinapita. Ndinapeza kachipinda kokhomedwa matiresi m'makoma kuti phokoso la msewu lisalowe, maiki patebulo, mahedifoni ndi laputopu. Woyang'anira anali Ba Mwiza, mtsikana wa ku Lusaka.

Iwo anati tikuphunzitsa apu, pulogalamu ya pafoni, kumva chilankhulo chathu, kuti mlimi azingoilankhula, kaya ali ndi foni yaikulu yagalasi kaya ya mabatani yongoimbira nambala. Chilichonse chimene munthu angafune ankachitcha cholinga: kuimbira munthu, kufunsa mtengo wa chimanga, kukumbutsidwa kanthu. Pa cholinga chimodzi ndinkanena njira zonse zimene anthu amanenera, mwaulemu, mwachangu, mwa kumudzi, mwa m'tauni. M'chiganizomo munkakhala mipata, wa dzina, wa malo, wa nthawi. Nyali yofiira ikayaka ndinkalankhula, pakamwa patalikirane ndi maiki ngati chikhatho chimodzi, ndikamaliza ndidikire kaye ndisanapume.

"Pa mpata wa dzina ikani dzina lililonse," anatero Ba Mwiza. Koma kwathu sungatchule dzina la mwana wa eni m'makina osawadziwa. Mawa akatentha thupi adzati ndiwe unamupereka. Dzina lililonse limene ndinkaliganiza linali ndi mwini wake. Ndiye ndinkatchula anga, ndi njira zawo zomwe, poti m'kachipinda kotsekako ndinalibe china m'mutu koma iwo.

Chimene sindinadziwe n'chakuti munthu akatsegula apuyo n'kukhala chete, yokha imamupatsa chitsanzo cha zonena, chotengedwa pa mawu amene tinkajambula aja. Anasankha mawu anga poti ankamveka bwino. Ndipo oyamba kupatsidwa nambala yoyesera anali alimi, a ku Bundabunda omwe.

Pamsikapo sindinatsanzike. Ndinathamanga, Limbani akugunda kumsana, mpaka kusukulu, ndinamutulutsa Tiyese m'kalasi pensulo ili m'manja, tinadutsa kuseri kwa mashopu, osati kumsewu. Ndinalowa kwa Ba Mwiza wina akujambula mawu, nyali yofiira ikuyaka.

"Shani, kwagwanji, amake Tiyese?" anafunsa Ba Mwiza.

"Ba Mwiza, chotsani mawu anga. Batate bake bali na foni."

Anandiyang'ana, nayang'ana anawo, namutulutsa wojambulayo. Ndinawauza zonse zimene ndinali ndisanauzepo munthu pa Chongwe. Anaimba ku Lusaka, akuyendayenda pakhomo. Pobwerera anati, "Ku mafoni ya mabatani bachotsa manje manje. Koma mu mafoni yakulu yamene yanatenga kale apu, mawu yazakhala mpaka mwine wake akatenge yatsopano. Sininganame, siniziba ni liti."

Ndinawafunsa ngati alipo amene anaimba kuchokera ku Bundabunda. Anati ambiri.

Anandipempha kuti ndijambule zina zolowa m'malo, ndipo anati kuyambira tsikulo aziuza aliyense poyera kuti mawu ake akamveka kuti. Ndinakhala pampando, Tiyese atagwira nsonga ya chitenje changa. Pa mpata wa dzina ndinaima, mutu uli mbee. Kenaka ndinakumbukira ng'ombe zolimira za malemu bambo anga. Ng'ombe ilibe mayi wodzandiimba mlandu. Ndinati, "Unikumbutse kukatenga Bantomu ku sukulu." Tiyese anaseka mpaka tinabwereza.

Masana omwewo ndinamanga zovala m'chitenje chomwe chija. Mayi wa kutchalitchi uja anali ndi mchemwali wake pa famu ina cha ku Kasisi, ndipo tinapita kumeneko. Patapita masabata mayi wa kutchalitchiyo anandiimbira kuti mwamuna wina anafika pachigayo akufunsa kamtsikana kotchedwa Tiyese. Anthu anamuuza zoona, kuti anachoka, sakudziwa kumene analowera.

Ntchitoyo ndimaigwirabe ikapezeka, pa foni imene Ba Mwiza anandibwereka, nditafunda bulangeti kumutu kuti nkhuku zisamveke. Ndisanatsegule pakamwa ndimafunsa kaye kuti mawuwa akathera m'khutu la yani, chifukwa akatuluka sabwerera onse.

Kusukulu yatsopano ndinauza aphunzitsi kuti mwanayu womutenga ndine ndekha, wina aliyense ayi, ngakhale atati ndi wachibale. Anthu a pafamu atandifunsa kuti ndine amake yani, ndinati azingonditchula Esinati. Amadabwa, ena amati ndimanyada. Kuchokera tsiku limenelo palibe amene wanditchulapo amake Tiyese. Ndimalilakalaka dzinalo. Koma mwiniwake, Tiyese, amagona pambali panga.