Nkhuku imene ndinadya kwa apongozi

Masiku a makhadi a chipani, apongozi anga aamuna ku Nathenje anali ndi kompyuta imene mwana wawo anawatumizira kuchokera kunja. Ankalembamo mbiri ya mtundu wawo ndi chala chimodzi. Atalandira madisiketi a pulogalamu yatsopano yoyendetsera makinawo, anandiitana kuti ndidzawaikire m'kompyutamo, poti ndinkataipa makalata ku ofesi.

Kompyutayo inafunsa funso lalitali m'Chingerezi. Sindinalimvetse, koma mkamwini angaonetse bwanji umbuli apongozi ataima kumbuyo kwake? Ndinangovomera. Mbiri yonse inafufutika.

"Ndi magetsi awa," ndinatero.

"Zimachitika, akamwini," anayankha choncho basi.

Anandiphera nkhuku yothokoza. Ndinadya mpaka kupsipa mafupa, uku ndikumva chala chawo chikugogoda m'chipinda chinacho. Anali atayambiranso pa dzina la agogo awo.