Tenti Imene Bambo Anagulira Maliro Awo

Bambo anga anagula tenti ya maliro awo akadali moyo, akuyenda ndi miyendo yawo, ndipo anaigula chifukwa cha mkwiyo. Mtima wapachalawo ndinatengera kwa iwo omwewo, choncho sindiwaweruza kwambiri, koma nkhaniyi ikandibwerera m'mutu ndimapsabe mtima mpaka lero.

Zinayambira pa maliro a amayi. Ife a kwathu ku Malawi okhala mu Bulawayo tili ndi mabungwe athu a maliro, ndipo bambo analowa m'bungwe lathu kalekale, akugwira ntchito ya njanji, tikukhala ku Raylton. Bungwelo linali ndi tenti yaikulu yobiriwira, yokhuthala, imene inkapita paliponse pamene pagwa zovuta. Amayi atamwalira, tili kale ku Nketa, tentiyo sinabwere. A tcheyamani a bungwe anali ataitengera ku ukwati wa mwana wawo ku Lobengula. Anthu anakhala padzuwa la Okutobala, azimayi atafunda zitenje kumutu, ndipo gogo wina anakomoka pafupi ndi geti. Titabwerako kumanda, bambo anawagwira pakhosi a tcheyamaniwo anthu akuona, n'kuwakankhira pampanda wa waya mpaka shati inang'ambika kumsana.

"Tenti yakoyo, aikona!" anakuwa bambo. "Isadzandiphimbe ine. Ndikadzafa adzandilirira pansi pa yanga."

Patapita miyezi ingapo ananditenga kupita m'tauni, kusitolo ina yogulitsa katundu wa anthu okonda kukagona kutchire. Panja pa sitoloyo panali tenti yoonetsera, yabuluu ndi chikasu, yokhala ndi mawindo a pulasitiki. Aliyense wodutsa pa kombi, minibasi za kuno, ankaidziwa, chifukwa inali itaima pamenepo chaka ndi chaka. Zatsopano zinali m'makatoni m'katimo, mtengo wake woti munthu wapapenshoni angoyang'ana n'kumeza malovu. Yapanjayo ankaigulitsa motchipa. Wogulitsa anawalankhula bambo m'Chindebele chotsekemera, kuti mdala, iyi ndi nyuwani, palibe munthu anagonamo ngakhale tsiku limodzi.

Mawu amenewo ndi amene anawagwira mtima. Iwo sankaona nsalu ayi. Ankaona tenti imene sinalowepo maliro, sinavinidwiremo ukwati wa mwana wa munthu, yoti idzayambira pa iwo. Ine ndinaigwira mbali yoloza kudzuwa. Inali itasuluka, youma gwa, ndipo m'zala mwanga munatsala fumbi labuluu. Zikhomo inalibe, popeza pasitolopo ankangoimangirira ku njerwa.

"Bambo, ichi n'chikomekome cha mkuyu," ndinatero. "Dzuwa linaidya kale tenti imeneyi."

"Thula iwe, tseka pakamwa! Unagulapo tenti kangati?"

Pa kombi yobwerera sitinayankhulane. Kunyumba anaipinda bwinobwino n'kuiika pamwamba pa wadiropu. Zikhomo anasula okha ndi zitsulo zakale za kunjanji. Kenako anaitana achimwene anga, oyamba kubadwa, n'kuwalumbiritsa kuti tenti ya bungwe isadzalowe pageti pathu. Achimwenewo ankayendetsa kombi ya ku Nketa, ndipo pasiteji pankadziwika kuti iwo amayamba ndi chibakera, mafunso pambuyo. Kulumbiritsa munthu wotero kuli ngati kupatsa mwana machesi.

Bambo anamwalira mu Novembala, kukutentha koti ngakhale agalu sankauwa. Tentiyo tinaimanga kutsogolo kwa nyumba. Bwalo lathu ndi laling'ono, choncho mbali imodzi tinaimangirira kudenga, pamwamba pa windo la pabalaza. Inaoneka bwino, ndisaname. Anthu odutsa ankaima n'kumafunsa ngati pali phwando. Azibambo anayatsa moto wa pasiwa pafupi ndi geti, m'dramu lodula pakati. Kwathu moto umenewu suzima mpaka maliro ataikidwa, ndipo ukazima manyazi amakhala a azibambo onse amene ali pamenepo.

Thupi linafika masana a tsiku loti mawa lake tiika, n'kugonekedwa pabalaza, azimayi atalizungulira ndi nyimbo. Pasanapite nthawi pageti panaima pikapu. Kumbuyo kwake kunali tenti yobiriwira ija, ndipo amene anatsika anali a tcheyamani, atakalamba tsopano, chipewa chili m'manja.

Achimwene anawatchingira pageti.

"Mdala, hamba ndi chinthu chanucho."

"Mwanangu, maliro n'kulirana. Taona mitambo iyo. Kansalu kameneka sikapirira."

"Pa amayi munali kuti? Angifuni, sindifuna! Bambo anakana."

A tcheyamani anatembenuka n'kuuza amene anabwera nawo kuti atsitse tenti. Sanamalize mawuwo. Chibakera chinawapeza pakamwa, anagwera pa tayala la pikapu, chipewa chikugubuduka mumsewu. Mphwawo wa a tcheyamani, amene anabwera nawo, anadumpha ndi mzati wa tenti n'kuwakwapula achimwene paphewa. Achimwene anamulanda mzatiwo, anamumenya nawo m'nthiti, mipando ikugwa, azibambo akugwirana mashati, wina akutukwana m'Chindebele wina m'Chichewa. Nyimbo m'nyumba zinaduka. Ine ndinatuluka ndi chitenje chili m'manja, ndikukuwa, ndipo sindikukumbukira amene ndinamukanda kumaso. Anthu atawaleretsa, a tcheyamani analavula dzino m'dzanja mwawo, analiyang'ana, n'kukakhala m'pikapu. Sanachoke.

Mvula ya ku Bulawayo imatumiza kaye mphepo. Kunada, fumbi lofiira linadzaza msewu, mapepala akuuluka, kenako madontho akuluakulu anayamba kugwa apo ndi apo. Azibambo anayang'ana moto, anayang'anana. Palibe anaganiza kawiri. Anapisa mitengo iwiri pansi pa dramu lija, n'kulinyamula kulowa nalo m'tenti. Ndi mmene ankachitira zaka zonse pansi pa tenti yokhuthala ya bungwe, ndipo sizinavutepo.

Mphepo inawomba kamodzi mwamphamvu. Zikhomo za bambo zinagwira, sizinasunthe n'komwe, koma nsalu ya mbali yosuluka ija inang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi ngati nyuzipepala, n'kugwera m'dramu. Sinayake ngati nsalu ayi. Inangoti lawi! Moto unathamanga kudenga la tenti, zidutswa zosungunuka zikudontha zikuyaka pamitu ya anthu. Mdala wina jekete linamuyakira kumsana, anagudubuka pansi akukuwa. Anthu anapondana pothawa, mayi wina anathyoka mkono pageti. Utsi wakuda wonunkha pulasitiki unalowa m'nyumba, galasi la windo linasweka, ndipo ndinaona katani ikuyamba kuyaka, bokosi la bambo lili pomwepo kuseri kwake.

Achimwene analowa m'motomo. Anagwira tentiyo ndi manja awo, pamene inamangiriridwa kudenga, n'kukoka. Chingwe chinakana. Anakulunga nsalu yoyakayo kudzanja lamanja, anaponda khoma ndi phazi, anakoka mpaka inaduka, n'kuikhwekhwereza kukafika nayo mumsewu. Ine ndinathamangira m'nyumba, ndinathothola katani ija n'kuipondaponda. Nditatuluka ndinawapeza atagwada, akuyesa kumatula nsalu kudzanja, koma inali italowerera m'khungu. Achimwene, munthu amene sindinamuonepo akulira, anali akuitana amayi. Pamenepo mvula inakhuthuka.

Pikapu ija ndi imene inawatengera kuchipatala. A tcheyamani anatsala, ndipo tenti yawo anaitsitsira panja pa geti kuti wovulala apeze pogona. Anabwera kwa ine milomo itatupa, magazi akutsika ndi mvula pachibwano.

"Mwanangu, wamkulu pano tsopano ndiwe. Tilowetse?"

Anthu onse anandiyang'ana, atanyowa, ena atapsa. Ndinkadziwa chanzeru choti ndinene. Koma m'maganizo mwanga ndinaona bambo anga akusula zikhomo zija kuseri kwa nyumba, ndinaona dzanja la achimwene, ndipo ndinalira ndi ukali.

"Ayi, bambo. Isalowe."

Sanatsutse. Anatenga fosholo, anawola makala amene anali akadali ofiira pansi pa dramu, anawaphimba ndi lata lakale, n'kukhala pambali pake pamvulapo akuuzira ndi pakamwa potupa paja. Azibambo ena anabwerera mmodzimmodzi n'kukhala nawo. Moto sunazime. Tenti ya bungwe inagona mumsewu, yopindapinda, mvula ikuikwapula.

Mawa lake kumanda achimwene anabwera atamangidwa bandeji mpaka m'chigongono. Nthawi yoponya dothi itakwana anawerama, anayesa kutapa dothi ndi dzanja lamanzere, nalonso linali ndi matuza. Ndinawatapira ine, n'kuponya kawiri.

Pasitolo paja anaikapo tenti ina yoonetsera, yofiira, ndipo nayonso yayamba kusuluka mbali ya kudzuwa. Mnzanga wina wa kutchalitchi anandifunsa posachedwapa ngati n'chanzeru kuigula akadzaitsitsa mtengo. Ndinamuuza kuti akaigwire kaye mbali yosulukayo, akaona fumbi m'zala aisiye, chifukwa chinthu chimene chakhala padzuwa zaka chatha kale ntchito ngakhale munthu sanagonemo. Atapitiriza kufunsa ndinamutumiza kusiteji ya makombi a ku Nketa. Achimwene ali komweko, koma sayendetsanso. Amaima pakhomo la kombi ya eni ake n'kumaitanira anthu, akukupiza dzanja limene zala zake zinamatirirana, losapindika pachiwongolero, losakunganso chibakera.