Kachimbale Kamene a Mawailesi Anapukuta

Anthu ankawatcha a Mawailesi, ndipo dzinalo linawakakamira ngakhale mawailesiwo atasiya kubwera. Kashopu kawo kokonzeramo mawailesi kanali pansi pa masitepe a nyumba yosanja, kodzaza makaseti ndi masipika ong'ambika. Kale chilichonse chokhala ndi waya chinkawamvera. Koma dziko linasamukira m'makompyuta osawatsanzika, iwo n'kutsala akuingitsa ntchentche pakhomo.

Akazi awo atamwalira anasiya laputopu yakale, ndipo m'menemo munali mawu a malemuwo. Mayiwo ankakonda kudzijambula akuimba pochapa. Kunena zoona sankaimba mokoma kwenikweni, koma a Mawailesi ankamvetsera nyimbozo m'mawa uliwonse akumwa tiyi okhaokha. Mwana wawo mmodzi yekhayo anali kutali, woimba foni mwa apo ndi apo. Tsiku lina laputopu ija inangoti tiki tiki tiki, osatsegukanso.

Zopita nayo kwa anyamata a kumsika anakana, ati angakaseke nyimbo za akazi awo. M'malo mwake anakalembetsa sukulu yokonza makompyuta kuti adzaikonze okha. Ankakhala kumbuyo, pakati pa ana a msinkhu wa zidzukulu, amene ankawakumbukira pokhapokha akafuna kubwereka sikuludiraiva. Nthawi yopuma anawo ankaunjikana pa foni imodzi n'kumaseka, madalawo n'kutsala m'kalasi. Anaphunzira kusintha sikirini, kupukuta fani, ndi kuzindikira batire lakufa. Aphunzitsi, mayi wachitsikana wolankhula mothamanga, anati za hadi disiki, kabokosi kosunga zonse za m'kompyuta, adzaphunzira kumapeto.

Kudikira kunawakanika, ndipo paja fulumira adadya gaga. Lamlungu lina masana anazula hadi disiki ija n'kuimasula. Mkati anapeza kachimbale konyezimira ndi kamkono pamwamba pake, mtima n'kukhala pansi: iyi si galamafoni yomwe ija? Manja anachita zimene anazolowera moyo wonse pa mawailesi a kaseti. Anatenga thonje, kulinyika mu sipiriti, kupukuta bwinobwino, kenako n'kuuzira ndi pakamwa. Atabwezeretsa, ngakhale tiki tiki uja sanamvekenso.

Phunziro lija litafika, aphunzitsi anakweza hadi disiki m'mwamba n'kuchenjeza kuti chinthu chimenechi sachitsegula m'chipinda wamba, poti kafumbi kamodzi kokha kamakanda chimbale. Anati ikayamba kulira tiki tiki muzingoizimitsa, chifukwa akatswiri okhala ndi chipinda chopanda fumbi nthawi zambiri amapulumutsa zam'katimo.

A Mawailesi anakweza dzanja, koyamba chiyambireni sukuluyo.

"Nanga munthu atatsegula n'kupukuta ndi sipiriti?"

Kalasi yonse inafa nalo phwete.

"Ameneyo ndiye wakwirira yekha, bambo," anatero aphunzitsi, nawonso akuseka. "Palibe chingabwerere."

Anathokoza mwaulemu n'kutsitsa dzanja. Mtima unawawa kuposa tsiku la maliro, chifukwa ulendo uno panalibe wobwera kudzawapepesa.

Sukulu anamaliza ndithu, ndipo satifiketi ili pakhoma la kashopu kaja. Masiku ano makompyuta amabwera, amawakonza bwino, ngakhale dzina likadali la Mawailesi. Hadi disiki ija ili pashelefu, chitsegulire. M'mawa akamamwa tiyi amaitsitsa n'kusuzumira pa kachimbale kaja, kowala mbee monga anakapukutira, ndipo amangoonapo nkhope yawo.