Tsiku Limene Amayi Anapepesa kwa Eni Basi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene mayiko oyandikana ndi Qatar anatseka malire awo. Ndikukumbukira mkaka wachilendo wa ku Turkey m'mashopu, ndi akuluakulu akudandaula kuti ndege zayamba kuzungulira kutali. Koma chimene chinandikhalira mumtima ndi basi ya kusukulu.

Tinkakhala ku Nuaija, dera la mumzinda wa Doha ku Qatar komweko, amayi akugwira ntchito ya unamwino. Basi imene inkatinyamula inali ya kampani ina, ndipo makina ake oziziritsa anali atafa kalekale. Masana ena, mpando ukuwotcha ntchafu, mazenera osatseguka, ndinakomoka. Ndinatsitsimuka anzanga akundithira madzi ofunda kumaso.

Amayi anachita zimene mayi aliyense wa ku Balaka akanachita pamsonkhano wa makolo: analankhula. Analemba pagulu la makolo la pafoni kuti basiyo idzapha mwana. Kwathu zikatero ena amavomereza, ena amawonjezera zawo, vuto n'kukonzedwa. Ku Doha gulu lonse linangoti zii. Posakhalitsa loya wa kampaniyo anaimba foni, akuti amayi aipitsa mbiri ya kampani ndipo awasumira kukhoti.

A Jafali, mkulu wa kwathu amene anakhalitsa pa ntchito ya ulonda ku Msheireb, mu Doha momwemo, anabwera kudzationa.

"Mlanduwo mutha kuwina, mayi," anatero. "Koma kesi ikatsegulidwa angakuikeni travel ban, osakwera ndege mpaka ithe. Bambo anu akudwala kumudzi, mukawaona liti? Pepesani, khalas, nkhani ithe."

Amayi anapepesa. Analemba pagulu lomwelo kuti analakwitsa, basiyo ili bwinobwino, mwana wawo anakomoka chifukwa sanadye m'mawa. Ine ndinali nditadya! Mazirawo anandikazingira okha. Ndinawafunsa ndikulira chifukwa chimene akundinamizira.

"Mwanangu, ukufuna agogo ako aikidwe ine ndisanawaone?"

Makolo anali chete aja anapeza pakamwa tsopano, n'kumayamikira amayi kuti ndi odzichepetsa. Ndinawada onsewo. M'mawa mwake ndinakwera basi yomweyo, nditafumbata botolo la madzi oundana limene amayi anandipatsa osandiyang'ana kumaso. Patchuthi anapita ku Balaka, nawapeza agogo akadali moyo. Kampaniyo sinasume, ndipo ndikukhulupirira kuti sinkafuna n'komwe.

Lero ndikawerenga kuti kumadera ena kuli malamulo olola woweruza kutaya msanga mlandu wongofuna kutseka munthu pakamwa, mtima umandiwawa. Ndikumvetsa tsopano kuti mlandu wotere sufuna chigamulo, umangofufuza chimene munthu sangapirire kutaya. Kwa amayi anali bambo awo. Lamulo lotero likanakhalapo, sakanasankha pakati pa bambo wodwala ndi zoona za mwana wawo.

Tinabwerera kwathu, kampaniyo sikutidziwanso. Koma mpaka lero ndikaiyamba nkhaniyi, amayi amatsitsa mawu, n'kunena kuti tsiku lija sindinadye.